Chikhothi Chotsala m'Chipinda Nambala 9

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni wanga kuchokera kuno kumene ndikadali. Muli bwanji inu, alamu ndi ana? Mwendo wa alamu uja unasiya kutupa? Nanga Amayi adzuka bwanji lero? Funso lomalizali ndaliika papepala dala, chifukwa pa foni mumalidumpha ngati chithaphwi. Ine m'thupi mulibe chowawa, kungoti chakudya sichikulowa bwino masiku ano.

Musadabwe kuona kalata ya pamanja. Ndikamaliza ndijambula masamba onse ndi foni, ikupezani lero lomwe. Ndasankha kulemba chifukwa tikamalankhula inu mumathamangira nkhani za mvula ndi za sukulu ya ana, ine n'kumangoti eya, eya, mpaka mayunitsi atha. Pepala simungalidule mawu. Ndiye khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto. Ndili ndi pempho limodzi lokha, likukhudza Amayi, koma kuti mulimvetse ndiyenera kuyamba ndi zimene zandichitikira kuno.

Ana aja ndinabwera nawo kudzaphunzira kuno kunja ananyamuka Lachitatu sabata yatha, onse khumi ndi anayi. Ndimangoti ana, ena mwa iwo ali ndi ndevu zoposa za alamu. Pabwalo la ndege ndinawawerenga katatu asanalowe pachipata. Miyezi inayi ndakhala ndikuwerenga mitu imeneyi, m'basi, m'kalasi, pakhomo la chipatala, moti mpaka pano ndikaona gulu la anthu milomo imayamba yokha kuwerenga.

Anthu amayesa kuti ophunzira akakwera ndege, amene anawatsogolera wamasuka. Ayi ndithu, ntchito yoipa ndi imene imatsala. Yunivesite ya kuno simakulola kuchoka usanatseke chilichonse chimene unatsegula. Ndabweza makadi a ku laibulale, ndabweza majasi oyera a ku labu ndi magalasi ake, ndipo limodzi linasweka, ndiye panafunika kalata yofotokoza mmene linaswekera. Ndapita ku ofesi yoona za alendo kukafufutitsa mayina a ana onse, dzina lililonse fomu yakeyake. Malikisi awo kuno amalemba m'zilembo, kwathu timafuna manambala, ndipo pepala losinthira liyenera kusainidwa ndi anthu atatu. Mmodzi mwa atatuwo ali pa tchuthi.

Kaofesi kamene anandibwereka kalibe zenera. Kapepala ka dzina langa anachotsa kale pachitseko, pangotsala zipsera za guluu. Amayi amandiseka kuti ndine dokotala wosabaya jakisoni. Akanandiona sabata ino akanati dokotala wa makiyi, chifukwa ndimayenda nawo m'thumba la pulasitiki, akulira ngwerengwere m'makonde monse.

Makiyiwo sungangowasiya patebulo. Pali bambo wina wachikulire woyang'anira nyumba yogona ophunzira, ndipo chipinda chilichonse timalowa awiri, iwo ndi pepala lawo, ine pambuyo. Amawerenga mpando, nyale, makatani, amatembenuza matiresi, amayendetsa chala pamwamba pa kabati. M'chipinda china anapeza msomali wokhomedwa pakhoma, anauyang'ana nthawi yaitali ngati wawatukwana. Si munthu woipa, koma kwa iwo chimene sichinalembedwe sichinachitike.

Lachisanu tinafika pachipinda nambala 9. Chinali chosesedwa kuposa zonse, zenera lopukutidwa, zofunda zopindidwa bwino. Bambo wa makiyi anayamikira, anati mwana ameneyu analeredwa. Atatsegula kabati ya zovala tinapeza chikhothi chaubweya, chofiirira, chatsopano, kapepala ka kusitolo kakulendewerabe pamkono. Iwo anaseka, anati atsikana amaiwala chilichonse kupatula foni. Anatulutsa fomu ya katundu wotsala, nandifotokozera kuti mwini wake akapanda kuchiitanitsa pamasiku asanu ndi awiri, chimatayidwa. Ine ndinangokhala pamatiresi paja. Chikhothi chimenecho ndimachidziwa, chifukwa ndinachivalapo.

Mwini chipindacho ndi mtsikana amene anzake amamutcha Mafunso, poti phunziro silitha iye asanaimike dzanja. Ndi wamfupi, wa chaka chachitatu, amaphunzira zoyeretsa madzi akumwa ngati anzake onse, koma mutu wake ndi wina. Ndi mwana mmodzi yekha kwa amayi ake. Bambo ake anamwalira kale. Amayiwo anali telala, ankasoka mayunifolomu a sukulu pakhonde la sitolo ya eni. Analibe foni yawoyawo yodalirika, ndiye Lamulungu lililonse mwanayu ankaimba pa foni ya amalume ake, iwo n'kuwapatsira.

Lachinayi pa 6 mwezi uno, m'mawa, ndili pakhonde la labu kudikira kuti ana atuluke, foni yanga inalira. Anali amalume ake aja. Anati mlongo wawo watisiya m'mawa womwewo, anagwa ali pamakina, pofika naye kuchipatala n'kuti zitatha. Kenaka anatsitsa mawu. Anati banja lakhala pansi, lagwirizana kuti mwana asauzidwe mpaka atamaliza mayeso, amene ankayamba Lolemba. Anati malemu anathera maso pa singano chifukwa cha mayeso omwewa, ndiye mwana asataye pawiri, amayi ndi sukulu yomwe. Anati ngakhale atamva, ndege angaikwere ndi chiyani, angolira yekha pakati pa anthu achilendo. Anamaliza ndi mawu akuti kumeneko mayi wake ndinu, tikudalira inu.

Achemwali, ndinavomera asanamalize n'komwe kulankhula. Sindinafunse munthu aliyense. Ndinkaona ngati ndikuchita za umayi, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ana atatuluka, Mafunso anandifunsa chimene chandifiiritsa maso, ine ndinati ndi mankhwala a mu labu.

Loweruka pa 8 linali tsiku lokagula mphatso za kwathu. Tinalowa m'sitolo yaikulu ya zovala, ana anabalalika. Mafunso anabwera kudzandikoka mkono. Anati madamu, mapewa anu ndi a amayi anga ndi amodzi, tandiyeserani ichi. Anati miyezi yozizira amayi ake amazizidwa pakhonde paja m'mawa, zala zimauma mpaka ulusi umakana kulowa pa singano. Ndinamva pambuyo pake kwa anzake kuti mwezi wonse sankadya masana kuti chikhothi chimenechi chitheke.

Ndinavala. Iye anandimanga mabatani onse mpaka m'khosi, ananditembenuza uku ndi uku, anandiuza kuti nditambasule manja ngati ndikukankha nsalu pamakina, aone ngati m'khwapa simukuthina. Anandijambula. Pakhoma la sitoloyo panali wotchi yaikulu, ndipo nditaiyang'ana ndinaona kuti ndi nthawi imene amalume ake anandiuza kuti mwambo wa kumanda uyamba. Ndinamuuza kuti chikukwana bwinobwino. Ndinamuuzanso kuti atenge chofiiriracho, osati chotuwa, chifukwa sichionetsa litsiro. Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga pomwepa.

M'sitolo yomweyo ndinawagulira Amayi sokosi zaubweya, mapeya awiri, za mapazi awo aja amene satentha.

Lamulungu mwana uja anaimba kwawo, amalume ake anati amayi apita kumapemphero. Lachiwiri anati agona. Lachinayi anati ali ndi chifuwa, mawu atsekeka, sangathe kulankhula. Anabwera ku kaofesi kanga, buku lili m'manja, kudzandifunsa ngati chifuwa chingatseke munthu mawu masiku onsewo. Ndinati eya, zimachitika, asade nkhawa, aike mtima pa mayeso. Ndinadzimva ndekha mmene ndinkalankhulira, mawu opepuka, othamanga, okwera pang'ono, ndi kakuseka kumapeto kopanda chosekera. Mawu amenewo ndinawazindikira, ndinawamvapo kwina kalekale.

Mayeso anatha Lachisanu pa 14, ndipo iye ndi amene anaposa onse. Ndinali nditalonjeza amalume ake kuti ndimuuza masana omwewo. Ndinafika pachitseko cha nambala 9, ndinamva ali ndi anzake, akuseka, akulimbirana sikelo yoyezera zikwama. Ndinati mawa. Loweruka aphunzitsi a kuno anatitenga kukaona malo oyeretsera madzi a mzinda wonse, ndinati si tsiku lake. Lamulungu ndinati alandire kaye satifiketi Lolemba, ndimuuze zonse zitatha. Zengerezu adalinda kwawukwawu, achemwali. Kunena zoona, ndinkaopa nkhope yake basi.

Lolemba pa 17 m'mawa tinali mu holo, mipando itayalidwa, ana atatchena. Mayi wina woimba kwaya imodzi ndi malemu anamutumizira uthenga wopepesa maliro, ndi chithunzi cha nkhata za maluwa pamtumbira. Anayamba ndi mawu akuti pepani pochedwa kupepesa.

Sanakuwe. Anadutsa pakati pa mipando, anafika pamene ndinakhala, anandionetsa foni, maso ake ali pankhope yanga. Anaona kuti sindinadzidzimuke. Mwana wa mafunso ambirimbiri uja anandifunsa limodzi lokha, ngati tsiku lija ndinkayesa chikhothi ndinkadziwa. Ndinagwedeza mutu movomera. Anati zikomo madamu, n'kutuluka. Dzina lake litaitanidwa anthu anaomba m'manja, panalibe woimirira. Kuyambira pamenepo mpaka pabwalo la ndege sanandilankhulenso. Ankangoima pamene ndingathe kumuwerenga.

Tsiku lotsatira anandiitana mayi wa ku ofesi yosamalira ophunzira ochokera kunja. Ndi wamtali, wa imvi, amalankhula motsitsa ngati ali m'chipatala. Sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anatulutsa buku la malamulo limene ndinasainira tsiku loyamba, anatsegula tsamba 31, nayamba kuwerenga chala chikutsata mzere. Wophunzira akaferedwa kholo, auzidwe tsiku lomwelo. Inshuwalansi imamugulira tikiti yopita ndi yobwerera. Mayeso amalemba nthawi ina, osataya kanthu. Anandiuzanso kuti ndege yopita kwathu imanyamuka madzulo aliwonse.

Werengani nokha. Akananyamuka Lachinayi madzulo, Lachisanu akanafika, Loweruka akanawaona nkhope amayi ake bokosi lisanatsekedwe. Buku limenelo lili ndi masamba makumi asanu ndi limodzi, ndipo tsiku limene ndinasaina ndinali kuthamangira mabulangete a ana ndi makadi a basi. Ndinasaina mmene timasainira zonse, kuyang'ana pamene aika kachizindikiro basi. Chinsinsi chonse chija, bodza lonse lija, panalibe chimene tinkateteza. Mtima ukundiwawa, achemwali, ndipo sindikudziwa pouika.

Mayi uja anandiuza kuti anamufunsa Mafunso za tsiku limene uthenga unafika kuno. Akuti anangoyankha kuti afunse a madamu, ndi amene amasunga masiku.

Ndiye pali lipoti lotsekera ulendo wonse, limene ndiyenera kupereka ndisanachoke. Masamba ambiri ndi ongochonga. Koma patsamba lachisanu ndi chinayi pali timabokosi titatu. Koyamba kakufuna tsiku limene mtsogoleri anamva za malirowo. Kachiwiri tsiku limene wophunzira anauzidwa. Kachitatu dzina la amene anamuuza.

Lolemba lapitali anandiimbira abwana a ku dipatimenti kwathu. Anayamba ndi kundifunsa za kuzizira, kenaka anafika pamene ankafuna. Anati ndilembe 17 m'timabokosi tonse tiwiri ta masiku. Anati amalume aja anaimba pa foni yangayanga, palibe amene angafufuze, ndipo iwo abwanawo alankhula nawo kale amalumewo, avomera kudzanena kuti anandiuza mochedwa. Anati ndikalemba 6, a kuno aimitsa mgwirizano umene unatenga zaka zisanu ndi ziwiri kuti utheke. Ana khumi ndi anayi a chaka chamawa anasankhidwa kale, mayina awo ali pabolodi, ena atenga kale mapasipoti. Anandikumbutsanso kuti kontirakiti yanga ikutha kumapeto kwa chaka, ndipo ndili ndi amayi okalamba. Anati mayi, aliyense wa ife akanachita zomwe munachitazo, koma anthu amenewo sangamvetse, ndi kanambala kamodzi basi.

Si munthu woipa, ndipo pa za ana a chaka chamawa sananame. Ndinakhala ndi fomu imeneyo masiku awiri. Ndinalemba 17 pa kompyuta, ndinafufuta, ndinalembanso, ndinapita kukamwa madzi, ndinabwera kudzafufuta. Nthawi yonseyi chikhothi chija chili pamsomali kuseri kwa chitseko cha kaofesi kanga, chifukwa ndinachisainira kwa bambo wa makiyi kuti chisatayidwe.

Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene ndakhala nacho zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Mukukumbukira pamene ndinali kunja ulendo woyamba, ndikuchita digiri yachiwiri. Masabata asanu ndi limodzi ndinkaimba, inu n'kumati Abambo akadali ku galaja, Abambo agona, Abambo atuluka kumene pompano. Ndinabwera nditawagulira wotchi. Munadzandichingamira pamodzi ndi azakhali, amene sachoka pakhomo pawo popanda chifukwa, koma mutu wanga sunagwire. Ndinazindikira nditalowa m'nyumba, nditaona kuti ovololo yawo palibe pamsomali kuseri kwa chitseko. Munandikhazika pansi, munati tinachitira sukulu yako. Ine ndinati munachita bwino. Ndinanama, achemwali.

Chimene chimandiwawa si manda okha ayi. Ndi masabata aja. Pambuyo pake ndinakhala pansi ndi kalendala, kufufuza chimene ndinkachita tsiku limene Abambo anatsirizika. Ndinapeza kuti ndinali kuphwando la mnzanga, ndikuvina. Tsiku loika ndinali kuchapa zovala, ndikuimba. Masiku onsewo ndinakhala ngati chitsiru, dziko lonse likudziwa za bambo anga kupatula ine. Satifiketi ija mumandinena kuti ndine waulesi kugula felemu, ili pansi pa sutikesi chifukwa sindifuna kuiona. Wotchi munawapatsa alamu, amavala mpaka lero, ndipo akamayang'ana nthawi ine ndimayang'ana kumbali. Kuchokera nthawi imeneyo mukandiuza kuti onse ali bwino, ndimayamba kumvetsera zimene zikumveka kumbuyo kwanu.

Sindikulemba izi kuti ndikuimbeni mlandu. Kale ndinkakuimbani mumtima, lero ndilibe pakamwa. Munali wamng'ono kuposa mmene ndilili ine panopa, mwana ali kumsana, maliro ali pamutu panu, ndipo Lamulungu lililonse munkapukuta misozi kuti mundiseketse pa foni. Ine ndasenza masiku khumi ndi limodzi okha, siketi zayamba kundivuka. Inu munasenza masabata asanu ndi limodzi. Ndikudziwa tsopano kuti munachita chifukwa cha chikondi. Ndikudziwanso kuti chikondi chimenecho ndi chimene ndamuchitira mwana wa eni, ine amene ndinkadziwa bwino kuwawa kwake kuposa aliyense.

Lero m'mawa ndalemba. Kabokosi koyamba 6, kachiwiri 17, kachitatu ndalemba kuti anamva kwa mayi wa kwaya, osati kwa ine. Ndasaina, ndapita nalo ndekha. Mayi wa imvi uja anawerenga, anavula magalasi, kenaka anadinda. Anati lipoti lipita ku komiti, mgwirizano uyamba waima mpaka aunike, ndipo sangandilonjeze kanthu za ana a chaka chamawa. Abwana ndawatumizira uthenga, awerenga, sanayankhe. Amene wayankha ndi sekilitale wawo, akuti ndikaonekere ku komiti ya kwathu tsiku lotsatira ndikangofika. Ntchito mwina itha. Ana khumi ndi anayi amene sanalakwe kanthu mwina sakwera ndege chifukwa cha ine, ndipo zimenezo ndiziyenda nazo. Sindikudziona ngati ndachita chamuna ayi. Kungoti mwana uja ndinamubera kale amayi ake kumanda, sindikanatha kumuberanso tsiku.

Mafunso ndinamulembera kuti chikhothi chili ndi ine. Uthenga anauona, sanayankhe. Ndikachipereka ndekha pakhomo pawo. Akafuna kundiponyera kumaso, ndi ufulu wake.

Kwatsala kusainitsa malikisi kwa munthu wa pa tchuthi uja, kubweza kiyi wa kaofesi, ndi kalata imodzi ya ku ofesi ya alendo. Tikiti yanga ndi ya Lachiwiri sabata yamawa. Koma mumve bwino apa. Tsamba 31 lija ndaliwerenga tsopano mzere uliwonse, ndipo silikunena ophunzira okha. Mtsogoleri naye kholo lake likadwala mwakayakaya kapena likamwalira, amanyamuka tsiku lomwelo, zotsala amamalizira kwawo pa kompyuta. Ndamufunsa mayi wa imvi uja kawiri kuti nditsimikize. Palibe chimene chikundimanga kuno, palibe chimene ndingataye chimene sindinataye kale m'mawa uno.

Amayi ndinalankhula nawo komaliza Lamulungu pa 16. Ankatsokomola, koma anandiseka, anati sokosizo zisakhale zoyera, iwo si mwana wa sukulu. Lero ndi pa 26. Lachiwiri munati agona. Lachinayi munati apita kumapemphero, Amayi amene mawondo awo sawalola kufika ngakhale pampopi. Loweruka munati batire ikutha. Lamulungu foni yanu anayankha alamu, amene chikwatirane sanaigwirepo, ndipo anandifunsa katatu ngati kuno kukuzizira. Kumbuyo kwawo ndinamva mabenchi akukokedwa, ndi chifuwa chimene ndikuchidziwa, cha azakhali. Achimwene, amene sabata siitha osanditumizira chithunzi cha nsapato zimene akufuna, angoti zii. Dzana munandiuza kuti onse ali bwino, iwe malizitsa ntchito yako bwinobwino, usade nkhawa. Mawu anu anali opepuka, othamanga, ndi kakuseka kumapeto.

Mwina ndikulakwitsa. Mwina mutu wanga wasokonezeka ndi zimene ndachitazi, ndikuona maliro paliponse. Ngati ndi choncho mudzandiseke chaka chonse, ndidzavomera ndi manja awiri.

Pempho langa ndi ili. Mukangomaliza kuwerenga, ndiimbireni. Ngati Amayi ali m'nyumbamo, ikani foni pakhutu pawo, ngakhale akhale ali m'tulo, ndimve kupuma kwawo. Ngati ali kuchipatala, ndiuzeni kuti ali kuchipatala, ndi zimene adokotala anena. Ngati ndi zinazo, musazungulire, musandiuze kuti adwala kwambiri, musadikire kuti ndifike mundikhazike pansi. Ndiuzeni tsiku ndi nthawi yake. Ine ndilibe mayeso, achemwali. Ndine munthu wamkulu, ndipo ndi amayi anga inenso.

Ndege imanyamuka seveni koloko madzulo, ndipo kuti ndiipeze ndiyenera kuchoka pano folo isanakwane. Pamene ndikulemba mzere uno wani yangopitirira kumene. Chikwama ndalongedza kale.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti eya, kukuzizira. Moni kwa achimwene ndi alamu anga akazi awo, kwa ana onse, makamaka wotsiriza uja amene anandilonjeza kuti ndikamabwera adzakhala atadziwa kuwerenga. Moni kwa azakhali, poti ndikudziwa kuti ali pomwepo. Moni wa Amayi sindikutumani, ndikufuna kupereka ndekha.

Sokosi zija ndaziika pamwamba penipeni m'chikwama, pambali pa chikhothi cha eni. Ndinasankha zobiriwira. Ndiuzeni ngati mwini wake adzazivala.

Ndine mng'ono wanu,
Dokotala wosabaya jakisoni

Foni ili patebulo pano, ndaitchaja yadzadza.